Nthano za Kugombe la Lusumbwe: Kuchoka Pabwalo Kufika M'buku la Achinyamata

Ukatchula Monkey Bay, anthu ambiri amaganiza za sitima, ndipo sakulakwa. Ndi padoko lino pomwe zidutswa za Ilala, zosulidwa ku Scotland mu 1949, zinalumikizidwa mpaka sitimayo inayamba kung'amba madzi mu 1951. Koma Lusumbwe, monga eni nthaka amatchulira malowa, pamodzi ndi dera lonse la Mfumu Yaikulu Nankumba, ali ndi chuma china chomwe chinafika kale sitima isanalotedwe n'komwe. Chumacho ndi nthano.

Masiku ano m'maiko ambiri mwabuka mabuku a achinyamata omwe amatenga nthano yakale, kaya mbiri ya mizimu ndi ngwazi za makolo, n'kuiumba mwatsopano kuti ilankhule ndi mtsikana kapena mnyamata wa zaka 15. Ena kuno amaliona luso limeneli ngati lobwera. Mbiri ya gombe la kumwera kwa nyanja ya Malawi ikutsutsa maganizo otere. Kuumbanso nthano ndi ntchito yomwe anthu a kuno akhala akuigwira mibadwo yonse, ndipo omvera ake sanali tiana tokha. Chomwe chachedwa kufika ndi buku lolembedwa ndi eni gombe, m'chilankhulo chawo, lolembera ana awo osinkhuka.

Gombe lomwe mitundu inakumanirana

Akatswiri ofukula zakale anapeza ku Nkope, kumwera kwa Monkey Bay, mapale a miphika ya anthu osula zitsulo omwe ankakhala kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Miphika yamtunduwu, kulikonse komwe yapezeka, imadziwika ndi dzina la Nkope. Anthuwo sanapeze dziko lopanda eni. Nthano zimakumbukira Akafula, alenje aafupi msinkhu omwe ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati, ndipo wofuna moyo ankayankha kuti wawaonera kutali. Kenaka kunadza Amaravi, omwe likulu la Kalonga wawo linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao anatsika kuchoka kumapiri a ku Mozambique n'kukhazika maufumu a Mponda, Makanjira ndi Jalasi. Angoni a Maseko anapondanso dera lomweli. M'zaka za m'ma 1900 asodzi a Chitonga ndi Chitumbuka anatsata nsomba kuchoka kumpoto n'kumanga m'midzi ngati Msaka ndi Mvunguti.

Mtundu uliwonse unadza ndi nthano zake, ndipo pagombe nthanozo sizinakhale payekhapayekha. Posoka ukonde, poyanika usipa pathandala, podikira kuti mwera uleke, anthu amacheza. Nthano ya Chiyao inkalowa m'khutu la Mnyanja n'kutulukira pakamwa pake itasintha dzina la mwini nkhani, nyimbo, mwinanso mathero. Ya kumtunda ikafika kunyanja, mbuna ya mlenje inkasanduka mono, mkango n'kusanduka ng'ona.

Ngakhale miyala ya kuno ili ndi nkhani zoposa imodzi. Panjira yopita ku Chembe pali Mwala wa Mphini, tanthwe lalikulu lomwe nkhope yake ili ndi mizere yopingasana ngati mphini za amayi akale. Odziwa za miyala amati mizereyo inadza ndi dzuwa, mvula ndi kusweka kwa tanthwe pang'onopang'ono. Akuluakulu a m'midzi yozungulira ali ndi mafotokozedwe awo okhudza makolo ndi mizimu, ndipo ukafunsa awiri sakuuza zofanana. Palibe amene amaona vuto pa kusiyanako. Umu ndi mmene nthano yamoyo imakhalira.

Pabwalo, pamoto ndi kusimba

Nthawi ya nthano inali madzulo, makamaka nyengo yokolola itatha, ntchito zakumunda zitachepa. Masana akulu ankaletsa, poopseza ana ndi tsoka, kuti ntchito isaime chifukwa cha macheza. Wokamba ankayamba ndi "Padangokhala," omvera n'kuvomera "Tilitonse," ndipo kuvomerako kunkapitirira mpaka kumapeto. Pakati pa nkhani pankakhala nyimbo, wokamba n'kutsogolera, bwalo lonse n'kupolokezana naye. Omvera akayamba kuvomera mwaulesi, gogo ankadziwa kuti nkhani yazirala, n'kuifupikitsa kapena kuikamo chilombo china. Mwana amene wamva nthano usiku uno ankaikamba mawa kwa anzake mwa njira yake, ndipo palibe ankamuimba mlandu wakuba.

Panalinso nthano za osinkhuka. Kujando, kunsondo ndi kuchinamwali, anamkungwi ndi aphungu ankagwiritsa ntchito nkhani, nyimbo ndi zithunzi pokonzekeretsa mwana kulowa ukulu. Ayao ankaumba pansi zithunzi za dothi ndi ufa zotchedwa inyago, ndipo chimodzi mwa izo chinali namungumi, chilombo chachikulu cha m'madzi. Zenizeni za kusimba n'za eni mwambo, koma mfundo yake njoonekeratu: makolo ankadziwa kuti munthu wa zaka 12 mpaka 18 amafuna nkhani zakezake, zolemera kuposa za kalulu wonyenga njovu.

Imodzi mwa nkhani zolemerazo ndi ya mwana yemwe Anyanja amamutcha Kachirambe, Ayao n'kumati Kalikalanje. Mayi wina, atapanikizika, alonjeza fisi mwana yemwe ali m'mimba. Mwanayo abadwa akuyenda ndi kulankhula, uta uli m'manja. Fisi akabwera kudzatenga zake, mayi amuuza chizindikiro: ndamumeta mbali imodzi ya mutu. Mwana ameta anzake onse chimodzimodzi. Fisi akafunsa dzina, ana onse ayankha kuti mwini dzinalo ndi iwo. Mayi abisa fisi mumtolo wa udzu n'kutuma mwana kuti akasenze; mwana aima patali n'kulasa mtolowo. Okamba ena amamaliza ndi mwana kukhululukira mayi wake, ena amamaliza ndi chilango choopsa. Iyi ndi nkhani ya wachinyamata amene wazindikira kuti wamkulu woyenera kumuteteza ndi yemwe wamugulitsa. Mtsikana wa ku Mangochi wokakamizidwa banja asanamalize sukulu angaimve bwino. Chimodzimodzi mnyamata wochotsedwa m'kalasi kuti akakoke chilimira, kaya wotumizidwa ku Joni wopanda mapepala.

Ina ndi ya Ayao yofotokoza chiyambi cha anthu. Kale padziko panali Mulungu ndi nyama zokha. Tsiku lina Nanzikambe anakaonjola mono wake n'kupezamo tizolengedwa tiwiri tachilendo, kamwamuna ndi kamkazi. Anapita nato kwa Mulungu, yemwe anati atisiye tikule. Titakula tinapekesa moto, tchire n'kupsa, nyama n'kuyamba kuphedwa ndi kuotchedwa. Nanzikambe anathawira mumtengo. Mulungu anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, osabwereranso. M'nkhani imeneyi munthu ndi mlendo wotuluka m'madzi amene anathamangitsa mwini mudzi. Aliyense woona mapiri a Nankumba akumetedwa chifukwa cha nkhuni zowambira nsomba adziwa kuti nthanoyi sinakalambe.

Cholembera chifika pagombe

Mu 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young ndi Robert Laws, anakocheza ku Cape Maclear ndi sitima yoyamba yotchedwa Ilala n'kutsegula mishoni ya Livingstonia. Malungo anawavuta, moti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kusiya manda a anzawo omwe alipo mpaka lero. Komabe m'zaka zochepazo anatsegula sukulu, ndipo mmodzi wa iwo, Alexander Riddel, anatulutsa mu 1880 limodzi mwa mabuku oyambirira a malamulo a Chinyanja monga chinkalankhulidwira kunyanja. Chilankhulo cha nthano za gombe lino chinayamba kuoneka papepala.

Olemba nthano oyamba anali alendo. Duff Macdonald wa mishoni ya Blantyre anasindikiza Africana mu 1882, momwe muli nthano zambiri za Ayao. R. S. Rattray anatulutsa nthano ndi nyimbo za m'Chinyanja mu 1907. Dokotala Hugh Stannus, yemwe anagwirapo ntchito ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, analemba za miyambo ya Ayao mu 1922. Alice Werner anasanthula nthano za mitundu yambiri ya kuno m'buku lake la 1933. Pakati pa alendowa panali mwini nkhani mmodzi, wansembe wa Anglican Yohanna Abdallah, yemwe mu 1919 anatulutsa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao m'Chiyao.

Tiyenera kuwathokoza anthu amenewa, pakuti popanda iwo nkhani zina zikanapita kumanda ndi eni ake. Koma pepala linadula zambiri. Nyimbo inatsala mawu opanda chuni. Kuvomera kwa omvera kunasowa. Mayina a agogo omwe anakamba nkhanizo kawirikawiri sanalembedwe. Choopsa kwambiri, nthano yomwe inali ndi mathero atatu inatsala ndi amodzi, ndipo owerenga anayamba kukhulupirira kuti amenewo ndiwo oona. Pamene Geraldine Elliot anatulutsa The Long Grass Whispers ku London mu 1939, potengera nthano za Angoni a ku Nyasaland, ankalembera ana a ku Britain, ndipo zomwe zinawakomera zinali za nyama. Kuchokera apo maganizo oti nthano ya kuno ndi kalulu, fulu ndi phunziro lalifupi kumapeto anamera mizu, mpaka analowa m'mabuku a sukulu zathu.

Eni ake agwira cholembera

Mu 1933 Samuel Josiah Ntara anatulutsa Nthondo, nkhani ya mnyamata wovuta amene akukula mpaka kukhala mfumu. Bukuli linaonetsa kuti chilankhulo chathu chingasenze nkhani yaitali ya kukula kwa munthu. Stevenson Kumakanga, mu Nzeru za Kale, anamanga miyambi pamodzi ndi tinkhani tofotokoza chiyambi chake. John Gwengwe anatenga nthano ya anthu awiri apaulendo, wina n'kupha mnzake chifukwa cha nsanje ya chuma, mbalame n'kumaimba kuulula mlanduwo, naikuza kukhala buku la Sikusinja ndi Gwenembe. Ana asukulu ambirimbiri analiwerenga, makamaka Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Gwengwe anachita chomwe agogo ankachita pamoto: anatenga nkhani ya aliyense n'kuipatsa anthu, malo ndi zifukwa zatsopano. Lamulo lomwelo la 1968 linasiya Chiyao ndi Chitonga kunja kwa sukulu ndi wailesi kwa zaka zambiri, ndipo nthano za m'zilankhulozi zinatsalira pakamwa pokha.

Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu la alembi la Writers Group. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pomwe mawu olunjika ankatha kumutsekeretsa munthu. Alembi achinyamatawa anapeza kuti nthano ndi chishango. Mmodzi wa iwo anali mwana wa gombe lomwe lino, Jack Mapanje, wobadwira m'mudzi wa Kadango m'boma la Mangochi mu 1944. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo nanzikambe wa m'nthano za chilengedwe anakhala chithunzi cha mlakatuli wosintha maonekedwe kuti anene zoona n'kupulumuka. Chishangocho sichinakwane. Anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Boma lomwe linamumangalo linadziwa kuti nthano yokambidwa mwatsopano ili ndi mano.

Amene anagwira ntchitoyi mozama kuposa onse ndi Steve Chimombo, wobadwira ku Zomba mu 1945. M'sewero la The Rainmaker anakambanso mbiri ya Mbona wa ku Khulubvi. M'ndakatulo zake anadzutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu amati chikasamuka chimagumula mapiri ndi kukokolola midzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mu 1988 anatulutsa buku losanthula luso la nthano ndi nyimbo za Amalawi. Kenaka anatembenukira kwa owerenga aang'ono. Child of Clay ndi nkhani ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi mayi wosabereka, yemwe ankayenera kuthawa mvula nthawi zonse mpaka tsiku lomwe inamupeza ali kutali. The Bird Boy's Song, ya mu 2002, ikuchokera pa nthano ya mwana wamasiye ndi kapolo amene anamulanda malo. Chimombo anamwalira mu 2015 atatsegula njira. Dzina la mwana wa dothi uja likumvekanso m'mutu wa buku la Chamdothe ndi Zisudzo Zina, lomwe ophunzira a kusekondale amawerenga pa phunziro la Chichewa.

Wailesi, vidiyo ndi foni

Mu 1998 ku Monkey Bay kunatsegulidwa wailesi ya Dzimwe, ndi thandizo la UNESCO, imodzi mwa mawailesi oyambirira a m'madera m'dziko muno. Mawu a anthu a m'midzi ya kugombe anayamba kumveka pamphepo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Nthawi yomweyo m'misika ndi m'madoko munadzaza tinyumba toonetsera mavidiyo, ndipo ana omwe kale akanakhala pamoto anayamba kulipira kandalama kuti aonere mafilimu a ku Nigeria, a karate, ndi ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aluso. Akulu amadandaula kuti ana atayika. Koma tikayang'ana zomwe anawo amakonda, tipeza mfiti, mizimu, ana amasiye ozunzika ndi ngwazi zogonjetsa zilombo. Njala ya nthano ikadalipo; chasintha ndi wophika.

Kuyambira mu 2012 a National Library Service, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, ndi thandizo la Rei Foundation ndi kampani ya Sony, anayendera maboma osiyanasiyana kujambula okamba nthano pavidiyo, n'kusonkhanitsa nthano zoposa 200. Ulendo uno nkhope, mawu ndi nyimbo za okambawo zinasungidwa. Ku Lilongwe, Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo alembi ngati Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula Chirombo aonetsa kuti Mmalawi angalembe nkhani zodabwitsa n'kuwerengedwa kunja.

Kunjako msika wakula. Nnedi Okorafor anatulutsa Akata Witch mu 2011 potengera zikhulupiriro za ku Nigeria. Tomi Adeyemi anamanga Children of Blood and Bone, ya mu 2018, pa milungu ya Ayoruba, ndipo bukuli linagulidwa kwambiri ku America. Pafupi ndi kwathu, Nancy Farmer analemba A Girl Named Disaster mu 1996, nkhani ya mtsikana wa ku Mozambique wothawa banja lokakamizidwa, yekhayekha m'bwato panyanja ya Cahora Bassa, akudzilimbitsa mtima ndi nthano ndi mizimu ya makolo. Nkhani yotere ikanatha kuchitikira pakati pa Chembe ndi chilumba cha Domwe.

Ntchito yomwe yatsala

Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu anali asanafike zaka 18. Owerenga alipo. Zolemba nazo zilipo, zochuluka kuposa nsomba zomwe zatsala m'nyanja. Pali mwera womwe asodzi amauopa ndi kuulemekeza. Pali sitima ya Vipya yomwe inamira mu Julaye 1946 ndi anthu 145, yomwe chikumbutso chake chili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi. Pali chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe malamulo a makolo amatseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse, nsomba n'kuswana. Pali Napolo, yemwe dzina lake linamvekanso pakamwa pa anthu namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023. Pali chambo chomwe chikusowa, ndi mbuna zamitundumitundu zomwe zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mlembi angafunse kuti Kalikalanje akanabadwira ku Msaka lero fisi wake akanakhala ndani, kapena kuti Nanzikambe akanabwerera kudzaonjola mono wake akanapezamo chiyani.

Zopinga n'zodziwika. Buku ndi lodula poyerekeza ndi zomwe banja la msodzi limapeza. Osindikiza ambiri amadalira mabuku a silabasi, pakuti ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Zambiri zomwe zalembedwa potengera nthano zathu zili m'Chingerezi, chomwe mwana wa ku Mvunguti amachimva movutikira, pamene za m'Chichewa n'zochepa, za m'Chiyao n'zosowa kwenikweni. Komabe nkhani siyenera kudikira chikuto chonyezimira. Ingayambe ngati sewero la pawailesi ya m'dera, ngati kabuku kotchipa ka kalabu ya alembi pasukulu, kapena ngati mawu ojambulidwa oyenda pa WhatsApp kuchoka padoko lina kufika lina. Njira zimenezi zimabweza nyimbo ndi mawu a wokamba, zomwe pepala linachotsa.

Wofuna kugwira ntchitoyi ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi kwa akulu. Akhale nawo pansi, amve nkhani mmene iwo amaikambira, atchule mayina awo m'buku ngati avomera, ndipo za kusimba ndi kudambwe azisiye komwe zili. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa amene anawamva. Yachiwiri ndi kwa achinyamata. Asawapatse nkhani yosungunula yothera pa "phunziro lake ndi lakuti." Awapatse mantha enieni, chikondi, mkwiyo ndi zisankho zovuta, monga ankachitira makolo. Ngati mtsikana wa m'nthano yakale ankangodikira kupulumutsidwa, mlembi wa lero ali ndi ufulu womupatsa nkhafi kuti apalase yekha. Ufulu umenewu suchokera ku London kapena ku Lagos. Ndi womwewo unalola Myao ndi Mnyanja kupatsa mwana mmodzi mayina awiri ndi mathero awiri, unalola Gwengwe kukuza nyimbo ya mbalame kukhala buku, unalolanso Mapanje kutuma nanzikambe kwa olamula. Aphunzitsi a Chichewa, oyendetsa mawailesi a ku Mangochi ndi osindikiza mabuku ali ndi udindo wouza ophunzira awo zimenezi momveka, ndi kuwapatsa malo oti zomwe alemba ziwerengedwe.